Womvera Mapaipi wa ku Budiriro

Anthu a ku Budiriro amawadziwa a Yotamu Kachingwe ndi kayendedwe kawo. Amayenda pang'onopang'ono, mutu utapendekera kumanzere, ngati pali wina amene akuwanong'oneza nkhani kuchokera pansi pa nthaka. Ana a masiku ano amayesa ndi matenda a khosi, koma akuluakulu amadziwa kuti ndi ntchito inawapinda choncho.

Anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Banket m'chaka cha 1958. Bambo awo anachokera ku Ntcheu wapansi, ndipo pa famupo ankayang'anira injini yopopa madzi kuchokera ku damu kupita ku nazale. Yotamu ali mwana ankakonda kugona chafufumimba pa paipi yaikulu imene inkadutsa kuseri kwa komboni, khutu litagunda chitsulo. Dzuwa likaswa mtengo paipiyo inkazizira bwino, ndipo m'kati mwake munkamveka ngati anthu ambiri ali pa ulendo wautali, akuyenda osayankhulana. Mayi ake ankamukalipira kuti adzagontha, koma iye ankangodikira kuti atembenuke n'kubwereranso pomwepo.

Ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi anakwera basi kupita ku Harare, nalembedwa ntchito ku nthambi ya madzi ya khonsolo. Poyamba ankangokumba ngalande ndi piki. Tsiku lina kapitawo wawo anataya m'mawa wonse akufunafuna pamene paipi inkadontha pansi pa msewu. Yotamu anagona pansi, naika khutu pa chivundikiro cha vavu yotsekera madzi, kenako anadzuka, nayenda mapazi khumi ndi awiri.

"Kumbani apa," anatero.

Anzake anaseka, koma anakumba, ndipo madzi anatumphuka. Sabata yotsatira anamulanda piki uja, namupatsa ndodo yachitsulo yokhala ndi kambale ka mtengo kumutu kwake. Nsonga ya ndodoyo ankaigunditsa pa paipi, kambaleko n'kukaika pakhutu. Kuyambira pamenepo ntchito yake inali yomvera.

Pamene Budiriro, dera latsopano la mu Harare, ankamangidwa, a Yotamu analipo. Anaona mapaipi akutsitsidwa m'ngalande asanakwiriridwe, a madzi akumwa ndi a zonyansa omwe, ndipo zonsezo zinakhazikika m'mutu mwawo ngati mizere ya m'chikhatho. Anapeza nyumba ya zipinda ziwiri komweko, nakhalamo ndi akazi awo a Emelda, amenenso anakulira pa famu ndipo ankasoka mayunifomu a ana asukulu. Mwana wawo mmodzi yekhayo anamutcha Paida, dzina la Chishona, kuti anzake asamamuseke kusukulu.

Ankadzuka m'bandakucha, magalimoto asanayambe phokoso, n'kumayenda msewu ndi msewu. Iwo amati madzi ali ndi mawu osiyanasiyana. Kabowo kakang'ono kamalira ngati mwana amene wangophunzira kuimba likhweru. Paipi yong'ambika imang'ung'udza ngati mpingo ukupemphera kutsidya kwa dambo. Nthawi zina ankaima pa vavu imodzi kwa nthawi yaitali, maso ali chitsinzire, osati chifukwa panali vuto, koma chifukwa madziwo ankayenda bwino ndipo zinkawakoma kumva. Ankawatsatira m'maganizo, kuchokera ku nyanja yaikulu ya kumadzulo kwa mzinda, kudutsa pansi pa mafakitale ndi pa misika, mpaka kukatulukira pa mpopi wa nyumba ina kumene mayi wina ankasambitsa khanda.

Akapeza podontha ankalemba pa fomu ya masamba atatu, n'kukapereka kwa a Jeremiah, kalaliki wa mu ofesi yawo. A Jeremiah anali Mshona wa ku Rusape, munthu waulemu, wokonda tiyi wa shuga wambiri, ndipo ankawatchula a Yotamu kuti achimwene. Ankadinda fomuyo, tsamba limodzi n'kuwabwezera, ena awiri n'kuwaika m'thireyi yopita kumwamba. Zaka zoyambirirazo lole ya okonza mapaipi inkabwera pasanathe masiku awiri. Kenako inayamba kubwera patatha sabata, kenako mwezi. Palibe tsiku limene munthu angaloze kuti zinthu zinasintha pamenepa. Zinkangofooka ngati mmene munthu amakalambira.

Panali paipi ina pa mphambano, pafupi ndi tchalitchi cha malata, imene a Yotamu anailembera mafomu khumi ndi limodzi. Chaka choyamba panamera udzu wobiriwira pakati pa chilimwe. Chaka chachiwiri panamera bango, achule nabwera kudzakhala. Amayi a pafupi anaunda mizere n'kubzala repu ndi mpiru, ndipo m'mawa akakowa ankatera pamenepo, oyera mbee, ngati kuti tauni yasanduka mudzi. Malowo anali okongola, ndipo chimenecho n'chimene chinkawawawa a Yotamu, poti nyumba za kumtunda kwa msewu womwewo mipopi inali itauma.

Tsiku lina anaganiza zotsatira fomu yawo kuti aone kumene imakafera. A Jeremiah anawalozera kumwamba. Kumwambako bwana wina anawapatsa mpando, nawauza kuti iye anasaina kalekale, nkhani inali kwa osunga katundu. Osunga katundu anawaonetsa mashelefu opanda kanthu, nati akudikira komiti yogula zinthu. Komitiyo inali isanakumane, chifukwa wapampando wake anali ku msonkhano kunja kwa mzinda. Aliyense anawalandira bwino, ndipo palibe amene ananama. Aliyense anali atachita mbali yake. A Yotamu anatsika masitepe aja akumva ngati munthu amene walota akuthamangitsa nkhuku, nkhukuyo ili pafupi, koma manja sakuifikira.

Ndiye kunabwera chaka cha 2008. Mipopi inauma kwa miyezi, zonyansa zinkayenda m'mbali mwa misewu, ndipo anthu anakumba zitsime zosaya kuseri kwa nyumba zawo. Kolera inalowa m'Budiriro ngati moto wa m'tchire. A Emelda anayamba kudwala Lachinayi akusoka siketi. Loweruka anamwalira m'tenti, kuchipatala chaching'ono kumene odwala anali atagona mizeremizere. Mawu omaliza amene a Yotamu anawamva anali akuti, "Bambo a Paida, siketi ija ya mwana wa eni mukaipereke, yatsala kupinda m'munsi basi."

Maliro atatha, a Yotamu anavala ovolosi yawo n'kupita ku ofesi. Sanapite kukamenyana ndi munthu. Ankangofuna kuona nkhope ya wina amene anganene kuti, ndine. Anapeza a Jeremiah atakhala okha, ataonda, patebulo palibe kapu ya tiyi. Nawonso anali ataika mlongo wawo sabata yomweyo.

"Achimwene, inu mulibe mlandu," anatero a Jeremiah. "Inu munalemba. Ine ndinadinda."

"Nanga mlandu uli ndi yani?"

A Jeremiah anayang'ana kudenga, kumene kunali maofesi a akuluakulu, kenako anayang'ana manja awo.

"Kumwambako nawonso adzakuuzani kuti analemba," anayankha motsitsa mawu.

Ngakhale anthu a mumsewu mwawo sanawaloze chala. Akawaona ndi ovolosi ya khonsolo ankangoti, "Bambo Kachingwe ndi munthu wamng'ono, iwo atani?" Mawuwo anali achifundo, koma ankawapepukitsa ngati nkhuni youma. Anayamba kudzifunsa ngati kupezeka kwawo pa ntchitoyo kunali ndi tanthauzo lililonse, poti akagwira bwino palibe ankadziwa, ndipo akanati azingogona pansi pa mtengo palibenso akanadziwa.

Zaka khumi zotsatira anazigwira ngati munthu woyenda m'nkhungu. Madzi ankabwera tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, mwina osabwera n'komwe. Masiku enawo ankaika ndodo pa vavu n'kumva mphepo yokha ikuyenda m'mapaipi, ngati m'nyumba imene eni ake anasamuka. Ankasainabe m'buku m'mawa uliwonse. Mu 2018 anapuma pa ntchito, ndipo anawapatsa satifiketi yowathokoza, dzina lawo atalilemba molakwika.

Amene anawatulutsa m'nyumba anali Lorraine Tembo, mnzake wa Paida wa kusukulu. Makolo ake anachokera ku Katete, ku Zambia, ndipo iye ndi mlongo wake anali atagula makina akale oboolera mijigo, imene ana a kuno amaitcha zibhorani. Anali mkazi wamfupi, woyankhula mwachangu, foni ili kukhutu nthawi zonse.

"Bambo, kumene kuli madzi tili ndi makina otiuza," anatero atakhala pa khonde. "Chimene tilibe ndi munthu wodziwa kumene kunadutsa mapaipi akale. Mwezi watha tinaboola paipi ya eni, anthu anatsala pang'ono kutitentha. Paida akuti zonsezo zili m'mutu mwanu."

A Yotamu anavomera. Ntchito yake inali yosavuta: asanaboole, iwo ankayendayenda pamalopo n'kunena kuti apa ayi, apo ndiye. Chinawadabwitsa n'chakuti chimene anena m'mawa, masana chinkachitika. Panalibe fomu. Dizilo akatha, Lorraine ankapita yekha kukagula. Wantchito akachedwa kawiri, kachitatu ankapeza wina atavala chipewa chake. Makina akamalira, fumbi loyera likukwera, kenako matope, kenako madzi akuthovoka m'mwamba kuposa madenga, a Yotamu ankaima patali n'kumaona utawaleza waung'ono umene unkapangika m'madziwo, mtima uli phee.

Zinayenda bwino kwa zaka zitatu. Kenako amayi khumi ndi anayi a mumsewu umodzi, motsogozedwa ndi amayi a Tendekai, anasonkherana kuti akhale ndi mjigo wawo. A Yotamu anafika, nayang'ana msewuwo, ndipo m'maso mwawo munabwera tsiku limene ngalande zake zinkakumbidwa, dothi lofiira, anyamata akuimba.

"Paipi ya zonyansa inadutsa tsidya ilo," anatero. "Boolani apa."

"Mukutsimikiza, bambo?" anafunsa Lorraine. "Kapena tiyambe takumba ndi manja tione?"

"Usataye nthawi, mwanangu. Ndinaiona ndi maso angawa."

Anaboola, madzi anatuluka, amayi aja analulutira. Patatha masiku asanu madziwo anayamba kununkha. Lorraine anatenga botolo kupita nalo kokayezetsa, natumanso anthu kukumba m'mbali mwa mjigowo. Anapeza paipi ya zonyansa mapazi anayi okha kuchokera pa chitsimecho, itang'ambika. A Yotamu anali atasokoneza msewuwo ndi wotsatana nawo, umene nyumba zake zinali zofanana.

M'mawa mwake Lorraine anafika pakhomo pawo, ndipo sanakhale pansi.

"Bambo, ndani ananena kuti tiboole paja?"

Paida, amene ankasesa pabwalo, anaimitsa tsache. M'mutu mwa a Yotamu munabwera mayankho ambiri okonzeka kale, amene anawamva zaka zonse zija: kuti mapu kunalibe, kuti paipiyo inayenera kukonzedwa ndi ena, kuti Lorraine yemweyo akanakakamira kukumba ndi manja. Onsewo anali oona.

"Ndine," anatero.

"Ndiye valani nsapato. Mukawauze nokha. Inenso ndikanena mbali yanga, poti ndinakumverani osayeza."

Anawapeza amayi aja atasonkhana pa mjigo, zigubu zili pambali, zopanda kanthu. A Yotamu anavula chipewa, nafotokoza zonse, osachotsera. Amayi a Tendekai sanawanyengerere. Anawauza m'Chishona chosakaniza ndi Chichewa kuti munthu wa imvi sayenera kulumbira pa chinthu chimene sanachione dzulo, ndiponso kuti mdzukulu wawo watsegula m'mimba masiku awiri. Atamva zimenezo a Yotamu anakumbukira tenti ija ndi anthu ogona mizeremizere. Anapempha kuti akamuone mwanayo. Anamupeza atakhala pa mkeka, akumwa madzi a mchere ndi shuga, maso akuwala. Anali atayamba kuchira.

Lorraine anatseka mjigo uja ndi simenti tsiku lomwelo, ndipo sabata yotsatira anaboola wina kumapeto kwa msewu popanda kuwalipiritsa amayiwo. Anawaimitsanso ntchito a Yotamu miyezi iwiri, nawauza kuti kuyambira tsopano mawu awo azitsimikizidwa ndi fosholo, ndipo zikadzachitikanso adzasiyana.

Tsiku limene anakaonana ndi amayi aja, a Yotamu atafika kunyumba anagona pa mpando masana, tulo tolemera timene anali asanagonepo chichokereni a Emelda. Podzuka anapeza Paida akuwayang'ana.

"Baba, akukalipirani pagulu ngati mwana, inu n'kumagona mwamtendere chonchi?"

"Manyazi ndili nawo," anayankha. "Koma zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ndinagwira ntchito kuja, palibe anandifunsapo kuti ndani wachita ichi. Lero andifunsa, ndayankha, ndipo dzenje latsekedwa dzuwa lisanalowe."

Komabe sanachedwe kuona kuti njira ya Lorraine inali ndi malire ake. Atabwerera pa ntchito anapita kukaboola ku Epworth, pa nyumba ya munthu wina wa mashopu. Kunja kwa mpanda kunali mzere wa amayi ndi zigubu, ambiri a iwo ana a anthu a m'mafamu ngati iwo omwe, akuyang'ana madzi akutayika pamene makina ankatsuka chitsime. A Yotamu anafunsa ngati sangawaboolere nawonso, ngakhale umodzi wokha.

"Bambo, dizilo sagulidwa ndi chifundo," anatero Lorraine, osati mwankhanza. "Ine ndimayankha kwa amene wandituma. Awawa ali ndi wowayankha wawo. Ine sindine boma."

Mawu amenewo anawatsatira masiku ambiri. Lorraine ankayankha msanga, koma kwa ochepa. Ofesi yawo yakale ija inali ya aliyense, wolemera ndi wosauka, koma munalibe woyankha. Sabata yomweyo anakumana ndi a Jeremiah pa mzere wa mjigo wa anthu onse ku Budiriro. Nawonso anali atapuma pa ntchito, tsitsi litayera, chigubu chili pa wilibala. Anakhala limodzi pa mwala kudikira kuti mzere usunthe.

"Mafomu anu aja ndinkawawerenga, achimwene," anatero a Jeremiah. "Onse. Munkalemba bwino. Nthawi zina ndimalota ndikuwanyamula ndekha kupita nawo kumwamba, koma masitepe ake satha."

A Yotamu anawathandiza kukankha wilibala mpaka pakhomo pawo.

Chaka chatha Lorraine anawabweretsera mapepala aakulu ndi mapensulo a mitundu, nawapempha kuti ajambule zonse zimene akukumbukira za pansi pa Budiriro, poti mutu wa munthu sukhala mpaka kale. Anakhala pa khonde masana ambiri, akujambula mizere yobiriwira ya madzi akumwa ndi yofiira ya zonyansa. Nthawi zina pensulo inkaima, iwo ali kutali, akuyenda m'misewu imene kunalibe nyumba, kuli udzu wokhawokha ndi zikhomo za oyeza malo. Pamene ankakayikira ankalembapo kuti, pano sindikudziwa bwino. Malo oterowo analipo ambiri kuposa mmene ankaganizira.

Anajambula mapu awiri ofanana. Lorraine atamva kuti enawo akupita ku khonsolo anakwinya nkhope.

"Akangowaika m'kabati, bambo."

"Mwina. Koma amenewa ndajambula Lamulungu, pa nthawi yanga."

Anakwera khombi, minibasi ya kuno, atawapinda bwino m'thumba la pulasitiki. Mu ofesi muja munali nkhope zachilendo zokhazokha. Atadikira maola awiri pa benchi anawalowetsa kwa injiniya wina wamkazi, Tsitsi Marufu, wa msinkhu wocheperapo kwa Paida. Mtsikanayo anatambasula pepala loyamba patebulo, koma silinakwane. Analiyala pansi, navula nsapato, nagwada n'kumatsatira mizere ija ndi chala. Kenako anawauza kuti mapu a dera limenelo amene iye anawapeza anali ong'ambika, ndipo masamba ena anasowa iye asanayambe ntchito.

"Nanga timitanda iti n'tachiyani, sekuru?" anafunsa akuloza pa mapupo, kuwatchula agogo m'Chishona.

"Ndi pamene madzi akutayika. Malo makumi awiri ndi atatu. Ena ndinawalembera inu musanabadwe."

"Sindikulonjezani lole," anatero Tsitsi. "Sindine ndimagawa dizilo. Koma mapepalawa ndalandira ndine." Anang'amba kapepala, nalembapo dzina lake ndi nambala ya foni. "Mukaona kuti sitikubwera, musafunse ofesi. Mufunse ine."

Anadikira masabata atatu, kenako anaimba. Tsitsi anayankha, nati zipangizo sizinafike, ayesenso Lolemba. Lolemba anaimbanso. Mwezi wachiwiri lole inafika m'Budiriro n'kukonza malo awiri, ndipo mvula itatha inabweranso n'kukonza amodzi. Otsalawo akudonthabe mpaka lero, ndipo mipopi yambiri ikadali youma.

A Yotamu tsopano ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo kwa Lorraine amapitako masiku atatu okha pa sabata. Lolemba lililonse, akamwa tiyi, amavala magalasi awo, Paida n'kuwayimbira nambala ija, poti zala zawo zimaphonya timabatani. Masiku ena Tsitsi amakhala ndi nkhani yabwino, masiku ambiri alibe, ndipo nthawi zina amamveka wotopa kwambiri. Koma foni amayankha, ndipo asanapereke n'komwe moni amayamba ndi kuseka pang'ono.

"Ndikudziwa, sekuru," amatero. "Lero ndi Lolemba."